Mkamwini Amene Anathamangitsa Nyerere

Anthu amasesa pabwalo, akhama amafika mpaka kuseri kwa nkhokwe, koma Obed Kachere ankasesa m'munda. Kukacha, nkhungu isanachoke m'mapiri a kumtunda kwa Malomo, mumamva tsache likulira m'nthochi ngati pakubwera alendo a boma. Tsamba louma likagwa lero, mawa linali phulusa. Amayi opita kumjigo ankaima pamsewu ndi ndowa zawo n'kumaonerera. Ena ankati Roza anatola mwamuna wolimbikira, ena ankangoti tiona.

Obed sanali wa m'mudzimo. Kwawo kunali ku Bowe, ku Dowa, kumene mwana amadziwa kusoka fodya asanadziwe kulemba dzina lake. Anakulira panazale ndi m'chigafa, ndipo pa nkhani ya fodya panalibe womuphunzitsa. Ku Ntchisi anabwera chifukwa cha Roza, n'kukhala pachikamwini. Patangotha zaka ziwiri ali m'banja, apongozi ake, mayi Nankhoma, anamwalira n'kusiya ana aakazi awiri ndi munda umodzi wa nthochi wotsetserekera kukhwawa. Munda umenewu unali ndi mbiri. Nthawi imene matenda a chisaka anapululutsa nthochi m'midzi yambiri, anthu n'kumazula ndi kuotcha, za mayi Nankhoma zinapulumuka, ndipo anthu ankayenda mitunda kudzapempha mbewu.

Mwini mbumba anali a Samueli, mlongo wawo wa malemuwo. Maliro atatha, iwo anaugawa mundawo pakati ndi mzere wa nsenjere. Kumtunda anapereka kwa Faines, mwana wamkulu, amene mwamuna wake anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera. Kumunsi, mapata makumi atatu ndi awiri, anapereka kwa Roza. Koma popereka anayang'ana Obed, osati Roza.

"Mkamwini, nthochi si fodya. Izi anabzala ndi mlongo wanga ndi manja ake. Zikakukanikani munene msanga, tizipereke kwa Faines zisanafe."

Obed asanatsegule pakamwa, Roza anayankha. "Amalume, mwamuna wangayu ndi mlimi. Zikadzafa mudzandifunse ine."

Mawu amenewo anamukoma Obed mpaka m'mafupa. Analumbira mumtima kuti mkazi amene wamuimira chonchi pamaso pa abale ake sadzachita manyazi, ndipo mmawa mwake analawirira kumunda ndi khasu. Sanathe ngakhale ola limodzi. Atangogwada paphata loyamba, nyerere zinamukwera m'miyendo, zina m'malaya, imodzi inafika mpaka kuseri kwa khutu. Anavina gule wopanda ng'oma. Atayang'anitsitsa anaona kuti munda wonse ndi mudzi wa nyerere, pansi pa masamba ouma, m'mikungwa yowola, paliponse piringupiringu. Nkhuku za Faines nazo zinali momwemo, zikupalasa ngati munda ndi wa agogo awo.

Tisamuweruze msanga munthuyu. Kwa mlimi wa fodya, nyerere ndi mbala. Njere ya fodya ndi yaing'ono ngati fumbi, ndipo ukafesa panazale osasamala, nyerere zimatuta njere zonse n'kukusiya ukuthirira dothi. Nkhuku nayo ikalowa panazale, ntchito ya mwezi wathunthu imatha pa kanthawi kochepa. Obed anaphunzira zimenezi ndi mbama za bambo ake. Choncho pamene anthu a m'mudzimo ankaona munda wa mayi Nankhoma, iye anaona nazale yaikulu imene yasiyidwa m'manja mwa akuba.

Tsiku lomwelo anapalasa njinga kupita pa Malomo, kusitolo ya a Zuberi, kumene alimi ankagula mbewu ndi mankhwala.

"Ndikufuna mankhwala a ufa aja ophera nyerere."

"Zalowa m'nyumba?" anafunsa a Zuberi.

"M'nthochi."

"M'nthochi? Zikudya chiyani m'menemo?"

"Zikudya ine," anatero Obed.

A Zuberi anamuyang'ana kanthawi ngati ali ndi funso lina, koma munthu akabwera atadziwa kale chimene akufuna, wogulitsa amangokulunga. Pofika kumapeto kwa sabata, una uliwonse wa nyerere kumunsi kwa nsenjere unali mbuu ndi ufa. Masamba ouma anawaunjika n'kuwaotcha. M'malire anatchinga ndi minga kuti nkhuku zione msana wa njira.

Faines anamupeza akumanga mingayo. Mayiyu anali wamfupi, wa mawu okwera, ndipo anali ndi vuto limodzi: ngakhale uthenga wa maliro akanatha kuunena akuseka. Ndi Obed zinafika pena, pakuti mlamu ndi mlamu, mwambo umalola kuti muzinyogodolana popanda mlandu. Kuyambira tsiku la chinkhoswe ankamuitana kuti "alamu a fodya", ndipo ankauza aliyense kuti anthu a ku Bowe akaona nthochi yakupsa amayamba aifunafuna posoka.

"Alamu a fodya, mwadzuka bwanji? Ndamva kuti mwachotsa ntchito alonda a amayi."

"Alonda ati?"

"Nyererezo. Zisiyeni, alamu. Zili pantchito."

"Mlonda wamtundu wanji woluma bwana wake?"

"Amene sakumudziwa bwanayo," anatero Faines, n'kuseka mpaka kugwira m'chiuno. "Ndipo nkhuku zangazo mwazitsekera, mudzazipempha mutagwada."

Obed anaseka nawo pang'ono chifukwa cha ulemu, koma mumtima anati mayiyu akubisa ulesi wake ndi nthabwala. Munda wa Faines unalidi wosaoneka bwino. Akadula mkoko, thunthu la nthochilo ankaling'amba pakati n'kuligoneka chafufumimba pafupi ndi phata, ndipo mathunthu oterowo anali mbwee m'munda monse, kumawola. Obed akadula wake, thunthu ankakataya kukhwawa, n'kusiya chitsa chofika m'bondo, chodulidwa bwino, pamzere ndi zinzake.

Madzulo ake anafunsa Roza, akumuitana ndi dzina la mwana wawo. "Mayi a Wezzie, zoti nyerere ndi alonda, zoona zimenezi?"

"Amayi ankatidi nyerere zisiyeni."

"Chifukwa chake?"

Roza anaganiza. Iye anakulira kumsika, kugulitsa nthochizo, pamene Faines ndiye ankakhala m'munda ndi mayi awo. "Sindinafunsepo," anatero.

"Ndiye basi. Ndi zikhulupiriro za akuluakulu."

Chaka choyamba mundawo unali waliwali. Mikoko inatuluka ikuluikulu monga kale, pansi pali mbee ngati pabwalo la tchalitchi. Anthu odutsa ankayamika, ndipo Obed akamva, tsache linkalira mokweza. Tsiku lina Faines anasuzumira pamwamba pa minga n'kunena kuti, "Alamu, samalani, chikomekome cha mkuyu."

"M'kati muli nyerere?" anamalizitsa Obed. "Pepani alamu, kwanga kuno mulibe ngakhale imodzi."

Anthu amene anamva anafa nacho chiseko, ndipo kwa nthawi yoyamba Faines anabwerera kwake atagonja. Obed anaifotokoza nkhani imeneyi paliponse kwa mwezi wathunthu. Pamapeto pake anauza Faines kuti popeza aliyense ali ndi mbali yake, ndi bwino aliyense aziyenda kwake.

Chaka chachiwiri mikoko inayamba kuchepa msinkhu. Nthochi zinkatuluka zoonda ngati zala, masamba akumayezuka nthawi isanakwane, ndipo ana a nthochi ena ankangophuka n'kufota. Obed anati ndi njala. Anatenga feteleza wa fodya amene anamutumizira mkulu wake n'kuthira phata lililonse. Masamba anabiriwira kwa milungu ingapo, kenako zinabwerera pomwe zinali.

Mvula ya chaka chachitatu ndiyo inaulula zonse. Tsiku lina masana mu Febuluwale kunaomba kamphepo wamba, kosagwetsa ngakhale chimanga. Obed ali pakhonde anamva khu! Kenako khu! Atathamangira kumunda anapeza nthochi zisanu zili gone, mikoko yosakhwima ili m'matope. Sizinathyoke pakati monga zimachitira ndi mphepo yamkuntho, zinazuka ndi tsinde lomwe. Anakweza maso kumtunda, kumene mphepo imamenya kwambiri. Za Faines zinali chilili m'zinyalala zawo, zikungogwedeza masamba.

Apa mutu wa Obed unaima. Elia, mnansi wawo wa kutsidya kwa khwawa, anabwera, nayang'ana, n'kunena kuti ndi chisaka chabwerera. Koma chisaka chimapanikiza masamba pamwamba n'kuwaimika, ndipo awa sanali otero. Wina anati ndi mfuko zikudya mizu. Obed anakumba masiku awiri, sanapeze ngakhale una umodzi wa mfuko. Wina anati wachulutsa feteleza, wina anati wachepetsa. Aliyense anali ndi nzeru, ndipo nzeru iliyonse inkatsutsa inzake. Pofufuza anapeza kamzere ka nyerere katalowa kuchokera kwa Faines, pansi pa minga. Mtima unakhala pansi pang'ono, poti wapeza mdani womudziwa. Anapalasanso ulendo wa pa Malomo, ndipo ulendo uno anathira ufa wowirikiza.

Sabata yotsatira zinagwa zinayi. Roza anasiya kupita kumunda. Ankati mutu ukumupweteka, koma Obed ankadziwa kuti sakufuna kuona nthochi za mayi ake zili pansi. Panyumba panalibe mkangano, ndipo zimenezo ndizo zinkamuwawa kwambiri. Akanakonda mkaziyo akanamulalatira. Akakumbukira mawu aja oti "mudzandifunse ine", ankasowa poyang'ana.

Mmawa wina anapeza chinthu chachilendo. Pafupi ndi phata lina, m'gawo lake lenileni, panali chibenthu cha thunthu la nthochi, chogonekedwa chafufumimba. Iye sanachiikepo. Anachikankha ndi khasu osachiyang'ana n'komwe, n'kuchiponya kukhwawa. Patapita masiku atatu anapeza zibenthu zitatu. Tsiku lotsatira analawirira kusanayere bwino, n'kuima kuseri kwa mtengo wa mango. Anaona Faines akudutsa pampata wa minga, atagwira kachitini. Mayiyo ananjuta paphata, natukula chibenthu, natolatola tinthu n'kumaponya m'kachitinimo, milomo ikuyenda ngati akulankhula ndi munthu wosaoneka. Atatha anabwezera chibenthucho mosamala n'kubwerera kwake mozemba.

Munthu amene wasowa mtengo wogwira amagwira chilichonse. Obed anabwerera kunyumba chothamanga.

"Mayi a Wezzie, ndaona ndi maso angawa. Achemwali anu akutchera zinthu m'munda mwathu."

"Zinthu zanji?"

"Ine ndidziwa bwanji? Koma tandiuzeni, zawo zikulekeranji kugwa? Dothi ndi lomweli, mvula ndi yomweyi, mbewu ndi imodzi. Ndipo amalume ananena kuti zikatikanika, munda upita kwa ndani?"

Roza anasiya zimene ankachita. "Bambo a Wezzie, amene mukunenawo tinayamwa bere limodzi."

"Ndiye ndifotokozereni inuyo."

Roza anakhala pansi. Anangophimba nkhope ndi chitenje n'kuyamba kulira, osadziwa ngati akulirira mayi ake, mkulu wake kapena mwamuna wake.

A Samueli anamvetsera nkhaniyo akusema mpini. Obed atamaliza, iwo anaika kasemasema pansi. "Mkamwini, mawu amene mwatulutsawa sabwerera m'kamwa. Mukuti mwana wa mlongo wanga akulodza nthochi za mayi ake?"

"Sindikudziwa chimene ndikunena, amalume. Ndikungonena zimene ndaona."

"Chabwino. Musakhudze kanthu. Mawa dzuwa likamatuluka tikakumane komweko."

Mmawa mwake anakumana anayi paphata lija: a Samueli, Roza, Obed ndi Faines. A Samueli anafotokoza mlanduwo mwachidule. Obed ankayembekezera kuti Faines aseka, kapena atukwana. Koma Faines sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Nkhope yake inangoti zii, ndipo aka kanali koyamba Obed kumuona mlamu wake asakuseka. Zinamuopsa kuposa zibenthu zija.

"Alamu," anatero Faines motsitsa mawu, "chitembenuzeni nokha. Ndi manja, osati ndi khasu."

Obed anayang'ana a Samueli. Iwo anagwedeza mutu. Anawerama, nagwira chibenthucho ndi nsonga za zala, n'kuchitembenuza. Pansi pake panali tizilombo takuda, tolimba khungu, tokhala ndi mlomo wautali wopindika. Tinali ngati nankafumbwe wa m'chimanga, koma kalikonse kakakulu ngati nyemba. Tinali toposa khumi. Kuwala kutatigunda tinapinda miyendo n'kukhala ngati tafa.

"Ndi chiyani chimenechi?" anafunsa Roza.

"Nankafumbwe wa nthochi. Masana amabisala, amayenda kukada. Amakonda thunthu lonyowa, ndiye ukamuikira chibenthu amabwera yekha kudzagona, mmawa iwe n'kumutola. Milomo imene munaiona ikuyenda ija, alamu, ndimawerenga."

Faines anapita pamalire, nakankha nthambi ya minga ndi phazi, n'kuitana nkhuku zake. Zinabwera chothamanga ngati zakhala zikudikira zaka zitatu. Kanthawi kochepa pachibenthupo panalibe kanthu.

Obed anayang'ana nkhuku zija. Mutu wake unali usanalumikize. "Ndiye kuti tizilomboti mwabwera nato ndinu?"

Faines anamuyandikira. Anatenga chikwanje m'manja mwa Obed, napita pa nthochi ina imene inagwa dzana, n'kutema tsinde lake pakati. M'malo moyera ndi kulimba, m'katimo munali mauna okhaokha akuda, opingasana, owola, onunkha. M'maunamo munali mphutsi zoyera, zonenepa, za mitu yofiirira, zikudzipinda. Anatemanso chimodzi cha zitsa zija zofika m'bondo zimene Obed ankazinyadira. Momwemonso, ndipo zochuluka kuposa.

"Awa ndi ana ake. Amaikira mazira patsinde, mphutsi n'kumadya m'kati. Kunja nthochi ili chilili, m'kati yatha. Izi sizinabwere dzulo ndi Faines, alamu. Zadya zaka."

"Nanga kwanu kulibe?"

"Aliko. Kulibe munda wopanda nankafumbwe. Tiyeni."

Anadutsa pampatapo onse anayi. Faines anasankha tsinde lakale limene anakololapo kale, nalitema. Munali mauna awiri kapena atatu okha. M'maunamo munatuluka nyerere, balala, zikuthamanga uku ndi uku. Pakati pawo panali kagulu kakukoka mphutsi imodzi yoyera, ina kumutu, zina kumchira, kuitulutsa m'nyumba mwake. Obed anagwada kuti aone bwino. Anaona nyerere ina ikudutsa yokha, itanyamula kanthu kakang'ono koyera pakamwa.

"Chimene yanyamulacho ndi dzira," anatero Faines. "Mmene zimakuberani njere panazale ku Bowe, kuno zimaba mazira a nankafumbwe. Mbala yake ndi yomweyo, alamu, koma kuno imabera mdani wanu. Zimalowa mmene inu ndi ine sitingalowe. Akuluakulu amene apulumuka, nkhuku zimatola. Inu munapha nyerere, munaotcha nyumba zawo, nkhuku munazitsekera kunja, nankafumbwe munamusiyira zitsa zoti aziswerana. Anakuthokozani kwambiri."

Obed anakhalabe chogwada. Ankadziwa bwino mmene nyerere imanyamulira njere, anali ataziona kuyambira ali mwana. Zonse zimene zinkamuzunguza mutu kwa miyezi zinagwera pamalo ake nthawi imodzi, ndipo sizinamupepukitse. Zinamulemera.

"Bwanji simunandiuze?" anafunsa ndi mawu osamveka bwino.

"Ndinakuuzani kangati?"

"Munkaseka."

"Nanga mlamu wanga ndizilankhula naye ngati tili kukhoti? Ndinati alonda, munati ndi nthabwala. Ndinati chikomekome cha mkuyu, munandiseketsa mudzi wonse. Kenako munati ndisapondenso kwanu. Ndikanatani? Nthochizi si zanu, si zanga, ndi za amayi. Ndinkamva zikugwa ndili m'nyumba mwanga. Ndiye ndinati bola ndizilowa ngati wakuba, nditoleko ochepa." Apa anayang'ana Obed m'maso. "Lero ndasanduka mfiti."

A Samueli anatsika okha n'kuyendera munda wa Roza phata ndi phata, akugwedeza thunthu lililonse ndi dzanja. Mwa mapata makumi atatu ndi awiri aja, olimba anapezeka asanu ndi anayi. Onse asanu ndi anayiwo anali m'mphepete mwa nsenjere, kumene nyerere za Faines zinkazemba pansi pa minga, zija Obed ankalimbana nazo ndi ufa wowirikiza.

Atabwerera anaima pamaso pa Roza. "Mwana wanga, unati tidzakufunse iwe. Ndafunsa."

Roza anayang'ana nthochi zogona m'matope, nayang'ana mkulu wake, n'kuweramitsa mutu. Obed sanathe kupirira. Anavula chipewa, nayenda ndi maondo mpaka pamapazi a a Samueli.

"Amalume, musamufunse iyeyu. Iye analakwa kundikhulupirira basi. Wapha nthochizi ndine. Ndipo alamu," anatembenukira kwa Faines, "pakamwa panga pandilakwitsa koposa manja anga. Ndilibe mawu."

"Mawu anga sindibweza," anatero a Samueli. "Ndinati zikakanika zipita kwa Faines, ndipo zapita. Munda wonse uli m'manja mwake kufikira mbewu yatsopano itabereka mkoko woyamba. Tikadzauona mkokowo, tidzakambirana za Roza. Mkamwini, khasu likhala lanu, mawu akhala a Faines. Za ufitizo mukapepese ndi nkhuku, monga mwa mwambo."

"Yamoyo," anatero Faines akupukuta m'maso. "Ndipo ikhale yodziwa kupalasa."

Roza sanalankhule ndi mwamuna wake kwa masiku asanu ndi limodzi. Sikuti ankamuda. Zinkamuwawa kuti gawo la mayi ake lachoka m'manja mwake, ndipo zinkamuwawa koposa kuti tsiku lija, mwamuna wake atanena za mkulu wake, iye analira m'malo mokana. Madzulo ankapita kwa Faines kukathandiza kutongola chimanga, awiriwo osanena zambiri.

Obed anagwira ntchito imene sanaigwirepo. Anachotsa minga. Anazula zitsa zonse n'kuziduladula kuti ziume padzuwa, nkhuku zili pambuyo pake. Anaphunzira kusenda tsinde la mwana wa nthochi mpaka liyere asanabzale, ndi kutaya lililonse lokhala ndi una. Mmawa uliwonse ankatembenuza zibenthu ndi kachitini m'manja, milomo ikuyenda. Tsache linabwerera pabwalo, ndipo masamba ouma anayamba kugona pamene agwera. Chinthu chimodzi chokha chinkasowa. Nthaka ya kumunsi inali itamwa ufa wambiri, ndipo nyerere zinkangofika m'malire n'kubwerera.

"Dikirani mvula itsuke," anatero Faines. "Kenako mukazipemphe. Munazithamangitsa nokha, mukazitenge nokha."

Mvula ya chaka chotsatira itagwa kokwanira, tsikulo linafika. Faines anamuonetsa thunthu lakale, lowola, limene nyerere zinamangamo mudzi wonse, ndi mazira awo omwe. Anati lisagwedezeke, lisakokedwe pansi, ndipo lifike lathunthu pakati pa munda wa kumunsi. Wilibala inakanika pamtsetsepo. Panalibe njira ina koma phewa.

Obed analisenza. Asanayende mapazi khumi, eni nyumba anatuluka kudzaona amene akuwasamutsa. Zinayamba m'khosi, zinalowa m'malaya, zina zinakwera molunjika kukhutu. Manja onse awiri anali pathunthu. Amayi opita kumjigo anaima pamsewu ndi ndowa zawo, monga ankaimira kale, n'kumaonerera mkamwini wa ku Bowe akutsika phiri pang'onopang'ono, nkhope itakwinyika, misozi ikulengeza, atasenza nyerere ngati akusenza mfumu.

"Alamu a fodya, musagwetse alonda!" anakuwa Faines, chiseko chake chija chitabwerera chonse. "Akukupatsani moni!"

Obed anangoluma mano. Pakati pa njira phazi linaterereka, thunthu linapendekeka, ndipo anamva kulemera kukuchepa kumbuyo. Atacheuka anaona Roza atagwira mbali inayo, nyerere zikumukwera m'mikono.

"Yang'anani kutsogolo, bambo a Wezzie," anatero Roza. "Zikuluma, koma tifika."

Analitula pakati pa mbewu zatsopano zija, pamthunzi, n'kuliphimba ndi masamba ouma. Khutu la Obed linali litatupa, lofiira ngati phwetekere. Roza analiyang'ana, nayesa kudzigwira, koma chiseko chinamupulumuka, choyamba kuchokera tsiku la mlandu lija. Obed anakweza dzanja kuti aphe nyerere imodzi imene inali ikadali kakaka pakhutupo. Dzanjalo linaima m'malere. Anaitola bwinobwino ndi zala ziwiri n'kuiika pansi, patsinde pa nthochi.

Mapata makumi awiri ndi atatu a mayi Nankhoma sanabwerere, ndipo mkoko woyamba unali ukadali kutali. Koma kuyambira tsiku limenelo, Faines akayamba kuseka, Obed ankasiya khasu n'kutchera khutu lomwe lija. Anali ataphunzira mochedwa, ndi mtengo wowawa, zimene akuluakulu ananena kalekale, kuti wakutsina khutu ndi mnansi.